Chigoli cha Alamu

Amuna anga anali munthu wamtali. Tsiku la chinkhoswe chathu ku Nazombe anagunda mutu pamwamba pa chitseko cha amalume anga, ndipo pa anthu onse amene anaseka, iwowo ndi amene anaseka kwambiri. Nthawi imeneyo ankagwira ukalaliki pa esiteti ina ya tiyi ku Mulanje. Ine ndinkakhala kwathu, kulima chimanga, nandolo ndi chinangwa, iwo n'kumabwera pakutha pa mwezi pa njinga, kudzera pampata wa Fort Lister.

Matipate atangoyamba, ntchito inawathera pamodzi ndi anzawo ambiri. Ndinkaganiza kuti tsopano agwira khasu ngati amuna ena onse a m'mudzi mwathu. Koma anapita ku Limbe, n'kubwerako ndi wailesi ya kanema, deki, kajenereta kofiira ndi katoni ya matepi. Amayi anga anayang'ana katunduyo, kenaka anayang'ana ine.

Tinachita lendi kanyumba kamene kale kanali golosale, pamsika wina m'munsi mwa phiri la Michesi. Mazenera tinatseka ndi masaka kuti mkati mude, mmisiri anatikhomera mabenchi, ndipo panja tinaimika bolodi lolembapo ndi choko kanema wa tsikulo. Ine ndinkakhala pakhomo kulowetsa anthu, mwana wathu wamkazi ali kumsana. Kuseri kunali kachipinda kamodzi kamene tinkagonamo, ndipo zofunda zathu zonse zinkanunkha petulo.

Anthu ankafuna zakarati ndi zankhondo basi. Tsiku lina la msika, masana, nyumba itadzaza, amuna anga analowetsa tepi imene pachikuto pake panali munthu atakweza mwendo kuti amenye mnzake theche. Koma zimene zinatuluka pagalasi sizinali zakarati. Tinaona bwalo lonyezimira ngati alipaka mafuta, chinamtindi cha anthu chitakhala mozungulira, ndi amuna ataliatali a makabudula ndi mavesiti akulimbirana mpira wofiirira. Amene anawagulitsa matepi ku Limbe anali atasokoneza zikuto.

"Chotsani zimenezo!" anakuwa munthu wina kumbuyo. "Tabwera kudzaonera amuna akusewera mpira wa azimayi ife?"

Ena anayamba kudzuka. Ine mtima unali m'mwamba. Koma amuna anga anangoima chilili, maso ali pagalasi, kukamwa kuli yasa. Kenaka anachepetsa mawu a mzungu amene ankalongolola Chingerezi chothamanga m'kanemamo, anaima pambali pa wailesiyo, n'kuyamba kuyankhula okha.

"Khalani pansi, abale anga. Uwu si ntchemberembaye ayi. Uwu ndi basiketibolo, ndipo anthu mukuwaonawa ntchito yawo ndi imeneyi, amadyera momwemu ku Amerika. Taonani awo avala zoyerawo, amatewewo. Simukuwadziwa? Si alamu anga amenewo?"

Nyumba yonse inafa nacho chiseko, chifukwa achimwene anga aakulu ankadziwika pamsika ponse: ankagulitsa fodya wachingambwe pansi pa mtengo wa mango, ndipo anali ndi matewe. Wosewerayo ankayendadi ngati iwo, mapewa atagwa, ngati munthu amene dziko lamutopetsa. Amene anadzuka aja anakhalanso pansi. Kuyambira tsiku limenelo dzina la wosewerayo linakhala Alamu. Dzina lake lenileni sindilidziwa mpaka lero, ngakhale mzungu uja ayenera kuti ankalitchula pafupipafupi.

Anthu atabalalika, tikusesa makoko a mtedza ndi a nzimbe, ndinawafunsa kumene anaudziwira mpirawo.

"Ku sekondale," anatero. "Kunali bambo mfumu wina amene anakonza bwalo lake kuseri kwa tchalitchi. Atangondiona kutalika anandikoka dzanja."

"Ndiye munkagoletsa ngati Alamuwo?"

"Ine? Mpira ndinkaugwira ngati dzungu lotentha. Ntchito yanga inali kuima pansi pa dengu logoletseramo mpira n'kumatchingira anzanga. Koma amayi, ndinkaukonda. Nditasiyira sukulu panjira ndinkati sindidzauonanso."

Tinali titakhala m'banja zaka ndithu, koma zimenezi anali asanandiuzepo.

Masewera a pa tepi imeneyo ndinawaonera kambirimbiri, moti ngakhale lero ndikhoza kuwayala onse mwa ndondomeko yake. Ovala zoyera ankalimbana ndi ovala zobiriwira. Chigawo choyamba Alamu zinthu sizinkawayendera. Akaponya, mpira unkagunda chitsulo cha dengu n'kubwerera. Akaponyanso, unkazungulira pakamwa pa dengu ngati ukulingalira, kenaka n'kugwera kunja. Mphunzitsi wawo, mzungu wonenepa wovala suti, anawatulutsa m'bwalo, ndipo anakakhala pampando atafunda thaulo kumutu. Apa amuna anga ankatsitsa mawu.

"Musawayankhule alamu anga. Nandolo wawo zadya ndi mbuzi chaka chino."

Atabwerera m'bwalo anali munthu wina. Chigoli choyamba anachilowetsa ali pafupi, mwaulemu, ngati akupereka madzi kwa apongozi. Chachiwiri anadumpha pakati pa anthu awiri, ali m'malere anasamutsa mpira kuchoka dzanja lamanja kupita lamanzere, n'kuulowetsa atapitirira kale dengu. Kuchokera pamenepo chilichonse chimene ankaponya chinkalowa. Obiriwira anawaikira munthu mmodzi wowalonda, anaonjezera wachiwiri, mpaka wachitatu, onse manja m'mwamba ngati akuingitsa mbalame m'munda wa mapira, koma ayi ndithu. Manambala a pakona pa galasi ankangosintha. Amuna anga ankasakaniza Chichewa ndi Chilomwe, thukuta lili kamukamu, ndipo ankadziwa ngakhale zimene wosewera ankanong'oneza mnzake. Zonsezo zinali zopeka zawo. Lero wobiriwira wadazi ankadandaula za mkazi wake amene wathawira ku Joni, mawa yemweyo ankapempha Alamu kuti amuchitire chifundo poti abale ake akuonera.

Koma chimene anthu ankadikira chinali chakumapeto. Nthawi ili pafupi kutha, oyera anali akadali m'mbuyo pang'ono. Mpira unaperekedwa kwa Alamu ali kutali, cha pakati pa bwalo. Wobiriwira wamtali kuposa onse anawathamangira. Alamu anabweza phazi limodzi, anadumpha chobwerera m'mbuyo, n'kuuponya. Iwo anagwa chagada mpira ukadali m'mwamba, ndipo belu lotsekera masewera linalira mpirawo usanayambe n'kutsika komwe.

Pamenepo amuna anga ankakweza dzanja, n'kukuwa ngati mlendo amene wafika pakhomo:

"Odiii!"

Nyumba yonse inkayankha pamodzi: "Lowani!"

Ndipo mpirawo unkalowadi, osakhudza chitsulo ngakhale pang'ono, ukonde wokha n'kugwedera.

Zikatero mabenchi ankagwa, anthu osadziwana ankagwirana chanza, mwana kumsana kwanga ankadzidzimuka n'kuyamba kulira. Pagalasi anzawo a Alamu ankawaunjikira pansi pomwepo, kenaka kanema ankaonetsa mayi wina wokalamba pagulu la oonerera akupukuta misozi. "Awo ndi apongozi anga," amuna anga ankatero, akupuma mwawefuwefu. "Alawirira wapansi kuchokera ku Nazombe."

Poyamba sindinkamvetsa chimene chinkawabweza anthu kudzaonera chinthu chimene ankadziwa kale mathero ake. Panali bambo wina wachikulire, wopha mbuzi pamsikapo, amene sankajomba Loweruka lililonse. Ankasiya nyama m'manja mwa mnzake, n'kudzakhala pabenchi lachiwiri, mpeni ali nawo m'thumba. Tsiku lina ndinawafunsa.

"Bambo, simutopa? Si mukudziwa kale kuti ulowa?"

"Ndikudziwa, mayi," anayankha. "Koma ukakhala m'mwamba muja mtima wanga sudziwa."

Achimwene anga nawo anayamba kubwera. Ankakhala kutsogolo atavala chipewa chawo cha mlaza, ndipo mpira ukalowa ankadzuka n'kuwerama, kulandira mayamiko. Fodya wawo anayamba kuyenda malonda kuposa kale. Sitinalemere nayo ntchito imeneyi, koma tinkadya, mwana ankavala, ndipo amuna anga ankadzuka m'mawa akuimba mluzu. Zaka zimenezo ndi zimene ndimazitcha zabwino.

Matenda anabwera mozemba. Anayamba ndi kudandaula kuti nyama ikumawaima pakhosi. Tinkati mwina amadya mothamanga. Kenaka chinangwa chinayamba kukana, kenaka mpunga womwe. Ankatafuna nthawi yaitali, kumeza movutikira, n'kutuluka panja mwakachetechete kuti mwana asaone. Mawu anayamba kusasa. Kuchipatala cha mishoni anawapatsa mankhwala akumwa, tinapitanso kwa asing'anga awiri, koma pofika nyengo ya chiperoni anali ataboola kale mabowo atsopano pa lamba wawo.

Zaka zimenezo munthu akayamba kuonda, anthu sankafunsa kuti akudwala chiyani. Ankati akudziwa kale. Maliro anali atachuluka m'midzi monse, ndipo ambiri anali a anthu a msinkhu wathu. Azimayi amene ndinkatunga nawo madzi pamjigo anayamba kundiyang'ana m'khosi ndi m'mikono, kuona ngati nanenso ndayamba. Moni ankandipatsa ndithu, koma nkhani zinkatha ndikangofika. Nthawi yomweyo kumtunda kwa msika kunatsegulidwa vidiyo ina, ya zokuzira mawu zazikulu ndi makanema a ku Nigeria. Mabenchi athu anayamba kukhala okhaokha.

Ndinawapempha kuti tiiike padera tepi ya mpirayo, tizingoonetsa zakarati zimene sizifuna womasulira.

"Bambo, khosilo likukupwetekani. Pumulani."

"Ndikapuma, Alamu awayankhulira ndani?" anatero ndi mawu okhala ngati akutuluka m'chitini. "Mzungu uja sawadziwa."

Loweruka limene tinaonetsa komaliza kunali mitambo, phiri silinkaoneka. Anthu amene anabwera sanadzaze ngakhale mabenchi awiri: bambo wopha mbuzi aja, achimwene anga, ndi ena ochepa a masiku onse. Amuna anga sakanathanso kuima nthawi yaitali, choncho ndinawaikira mpando pambali pa wailesi. Anayamba kufotokoza monong'ona. Jenereta inkawaposa mawu, ndipo achimwene anatuluka kukaikokera kutali mpaka pamene chingwe chinalekezera. Anthu anasendeza mabenchi kufupi. Nthabwala ya nandolo anainena ndithu, anthu n'kuseka motsitsa, ngati akuseka m'tchalitchi. Pofika pamene Alamu ankagoletsa motsatizana, amuna anga ankangotchula liwu limodzilimodzi, n'kumaloza ndi chala.

Kenaka inafika nthawi ija. Alamu anabweza phazi, anadumpha, mpira unachoka m'manja. Amuna anga anakweza dzanja, anatsegula pakamwa, mitsempha ya m'khosi inatuluka. Kunangotuluka mpweya.

Mpira unalowa muli zii. Palibe anayankha, pakuti panalibe woodira. Pagalasi anthu a ku Amerika ankadumphadumpha opanda phokoso, ndipo ife tinangokhala, aliyense maso pansi. Amuna anga anatsitsa dzanja lija pang'onopang'ono, n'kuliika pabondo.

Amene anayamba kuyankhula anali bambo wopha mbuzi.

"Mayi, tabwezani tepiyo pang'ono. Ine sindinaone bwino."

Ndinkadziwa kuti anaona. Ndinachoka pakhomo, ndinadina pobwezera, osewera anathamanga chammbuyo, mpira unatuluka m'dengu n'kubwerera m'manja mwa mwini wake. Ndinaima pafupi ndi mpando wa amuna anga. Ine ndine munthu amene sindinakwezepo mawu pagulu; ngakhale kumvano ndinkaimba mobisala kumbuyo kwa anzanga. Mpira utanyamukanso, amuna anga anakweza dzanja, anandiyang'ana, ndipo ndinakuwa. Mawu anga anatuluka ang'ono.

"Odi!"

"Lowani," anayankha anthu aja. Sanakuwe. Anayankha monga muja timayankhira mlendo amene tikumudziwa.

Amuna anga anaseka. Kunali kuseka kopanda mawu, mapewa okha akugwedezeka, ndipo kunasanduka chifuwa chimene sichinafune kuleka. Achimwene anawagwira m'khwapa n'kupita nawo kuchipinda. Potuluka, bambo wopha mbuzi anandipatsira kachiwindi kokulunga m'pepala. Ndinakaphika, ndinakasinja, ndinasefa msuzi wokha. Nawonso unabwerera.

Jenereta tinagulitsa kuti tipite kuchipatala chachikulu ku Blantyre. Atawayeza masiku angapo, dokotala anatiitanira m'kachipinda, n'kutiuza kuti kummero kuli chotupa, khansa, ndipo chakula kale moti palibe chimene angachite. Anatinso magazi awayeza, kachilombo kamene anthu ankakaganizira kaja mulibe. M'basi pobwerera amuna anga anatsamira paphewa langa, mawondo atapanikizika ndi mpando wakutsogolo. Titadutsa Limbe anandinong'oneza kukhutu.

"Mukawauze pamjigo."

Ndinakawauzadi. Anati pepani, pepani kwambiri, koma maso awo sanasinthe. Ndinasenza ndowa yanga n'kumapita. Ndinapeza kuti sizinkandipwetekanso monga kale; mtima unali utadzaza ndi zina.

Kanyumba ka pamsika tinakabweza kwa mwini wake, n'kusamukira kwathu ku Nazombe. Masana tinkawayalira mphasa pakhonde la amayi anga, pamene ankatha kuona phiri ndi anthu odutsa m'njira. Tsiku lina atayang'ana kutali nthawi yaitali anandikodola.

"Kodi munthu uja akadali moyo?"

"Uti, bambo?"

"Alamu."

"Ayenera kuti alipo."

"Akalamba tsopano," ananong'ona. "Tepi ija inali yakale pamene tinkaigula."

Chimene anthu sanena za matenda amenewa n'chakuti wodwala njala imamupweteka ngati munthu wabwinobwino. Mimba imafuna, khosi limakana. Phala lamadzimadzi linkadutsa masiku ena, masiku ena ayi, mpaka tinafika pongowanyowetsa milomo ndi kansalu. Mbale ikamadutsa pabwalo, maso awo ankaitsatira mpaka ikalowe m'nyumba. Sindikanatha kudya iwo akuona. Ndinayamba kutenga chakudya changa n'kukadyera kuseri kwa nyumba, pafupi ndi nkhokwe, chotembenukira kukhoma, mothamanga ngati wakuba. Ndikatha ndinkachukucha m'kamwa ndi kusamba m'manja kawiri ndisanabwerere pakhonde.

Masana ena nditangokhala pamphasa anandigwira chitenje.

"Amayi, mwadya chiyani?"

"Sindinadye, bambo."

"Bodza. Nandolo." Anapuma kaye. "Wothira tomato?"

"Eya."

"Ndi chinangwa?"

"Eya, chophika."

"Tandiuzani."

Ndinkafuna kuthawa. Koma anali akundiyang'ana, ndipo ndinawauza. Ndinati chinangwacho chinali cha m'munda wa kumtsinje, chofumbutuka, chosalimba pakati. Nandolo anapsa mpaka kusweka, mchere unali wokwanira, amayi anaponyamo katsabola kamodzi kakambuzi. Anatseka maso, kukhosi kwawo kukuyenda ngati akumeza. "Pitirizani," anatero. Kuyambira tsiku limenelo ankandifunsa masana alionse, ndipo ndinkawafotokozera. Masiku amene tinkadya masamba okhaokha ndinkawonjezerako zanga, iwo n'kumamwetulira, podziwa kuti ndikunama.

Anamwalira m'mawa wina nyengo yokolola nandolo, kunja kukuwomba mphepo ya fumbi. Ine ndinali pomwepo, ndikupeta, msana nditawalozetsa. Amayi anga ndi amene anatuluka m'nyumba, anaima, n'kunditchula dzina langa laubwana limene anali asananditchule chikwatiwire. Ndinaika lichero pansi.

Pamaliro panabwera anthu ambiri kuposa mmene ndinkayembekezera. A pamsika paja anadzaza matola, ena anabwera panjinga, ngakhale amene anali atasiya kale kulowa m'vidiyo mwathu. Achimwene anga, amene sindinawaonepo akulira ngakhale pa maliro a bambo athu, anakhala pachitsa kuseri kwa khola chipewa chili kumaso, osalola munthu kuwayandikira. Atatha masiku a maliro, abale a amuna anga anatenga wailesi ya kanema ija ndi deki, ati ndi za m'bale wawo. Tepi ya mpira inali m'kati mwa dekimo. Ndinakumbuka ali kale panjira, ndipo sindinawathamangire. Sindinaionenso.

Ndinatsala kwathu ndi mwana wanga, ndinabwerera kukhasu. Anthu anapitiriza kundiyang'ana m'khosi zaka zingapo, mpaka anatopa okha.

Koma chizolowezi chija sichinandichoke msanga. Pakhonde panalibenso womubisira, komabe chakudya chikapsa ndinkapezeka ndanyamula mbale yanga, ndili kale kuseri kwa nyumba. Mwana ankandifunsa chifukwa chake, ine n'kungopitiriza kudya. Amayi anga anandilekerera milungu ingapo. Kenaka tsiku lina masana ndinamva mapazi kumbuyo kwanga. Anali iwo, mbale yawo ili m'manja, dzanja lina atagwira mdzukulu wawo. Anakhala pansi pafumbi pomwepo movutikira, chifukwa mawondo ankawavuta, anatambasula miyendo, n'kumukhazika mwanayo pakati pathu.

"Sendera uko," anatero. "Ndipo udye pang'onopang'ono, palibe akukuthamangitsa."

Tinadyera pamenepo tonse atatu, nkhuku zikutizungulira.